Ng'ona za Dabwitso

Pa loji ina m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, chakumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, panali lamulo limene wantchito watsopano ankalimva asanaonetsedwe ndi pomwe pali chimbudzi: chakudya cha alendo sichituluka pageti. Kaya ndi banzi lolumidwa, kaya ndi fupa la nkhuku, zotsala zonse zinkapita kudzala. Wopezeka ndi kanthu m'chikwama, ntchito inkathera pomwepo. Lamuloli analiika ndi mwini loji, mzungu wa kutsidya kwa nyanja amene antchito ankangomutchula kuti Bosi. Koma amene ankalifungatira ngati dzira anali Dabwitso, mkulu wa operekera zakudya.

Tisamunamizire, Dabwitso ntchito ankaidziwa. Thireyi yodzaza matambula ankaikweza ndi dzanja lamanja mpaka pamwamba pa phewa, nkumakhota pakati pa matebulo osataya ndi dontho lomwe, alendo nkumaomba m'manja. Vuto lake linali loti ankadziona ngati mwana wobadwira m'lojimo. Nthawi yoweruka ankaima pageti pambali pa mlonda, kupisa m'zikwama za anzake, kununkhiza ngakhale mabotolo a madzi. Mukatimui, mayi wamasiye amene ankachapa nsalu za pabedi, ankakonda kumuseka pomutambasulira chikwama: "Ba Dabwitso, na mu nsapato muyanganemo, kapena nabisamo soseji." Anthu ankafa ndi phwete, Dabwitso osaseka. Anabadwira m'tauni ya Livingstone momwemo, kumudzi kwa makolo ake sankakudziwa nkomwe, munda analibe, ndipo nyumba imene ankakhala ku Maramba inali ya lendi. Ntchitoyo ndiyo inali munda wake ndi mudzi wake, ndipo mantha oti tsiku lina ingamupulumuke sankamuchoka mumtima.

Ndiye kunagwa mliri wa korona. Ndege zinaleka kutera, malire anatsekedwa, ndipo tauni imene imadyera alendo inangoti zii. Inali nyengo imene mtsinje umadzaza, mathithi akubangula, utsi wake wa madzi ukuoneka ngakhale uli kutauni ku Highlands, koma wokawaona panalibe. Osema ziboliboli a ku Mukuni ankangopukuta fumbi pa mvuu ndi njovu zawo za mtengo. Oyendetsa matakisi ankagona m'galimoto masanasana, zitseko zili chitsegulire, mapazi ali panja.

Bosi anasonkhanitsa antchito onse pakapinga, aliyense ataima patali ndi mnzake, pakamwa atatchinga kansalu. Anawauza kuti abwerere kunyumba mpaka adzaitanidwe. Liti, sananene, pakuti nayenso sankadziwa. Iyeyo ankathamangira ndege yomaliza yopita kwawo. Asanakwere galimoto anatenga mulu wa makiyi nkuupereka kwa Dabwitso pamaso pa onse. Anamuuza kuti atsale yekha kuyang'anira malowo, zonse zikhale monga wazisiyira, ndipo azimutumizira zithunzi pafoni. Anzake akutuluka ndi tizikwama tawo, ena akupukuta misozi, Dabwitso anamva chisoni ndithu, koma chimwemwe chinaposa. Pa anthu onse aja, wotsala nkukhala iye! Anazunguliza tcheni pageti nkukhoma loko wamkulu cham'kati. Lokoyo anali wouma, wofuna manja awiri, lina kukoka tcheni, lina kupotokola kiyi.

Malo omangidwira phokoso la anthu akasowa anthu amaopsa, abale. Dabwitso anasamukira m'kachipinda ka mlonda. M'mawa uliwonse ankavala malaya ake oyera, kuyala nsalu pamatebulo, kundandalika mafoloko ndi mipeni, kujambula, kutumiza kwa Bosi, dzuwa likamalowa nkuchotsanso zonse. Zitseko za zipinda zinkadzitsegukira ndi mphepo ya kumtsinje. Mabedi oyalidwa bwino ankadikira anthu osabwera, ndipo akangaude anayamba kuluka pakati pa mipando. Nthawi zina ankamva ngati wina waitana kuchipinda chakumapeto, nkuthamangirako, nkupeza ndi njiwa yalowera pazenera. Tsiku lina polowa m'chipinda chodyera anapeza nyani wamkulu atakhala pampando, manja ali patebulo, akumuyang'ana ngati akudikira kufunsidwa chimene adye. Dabwitso anatsala pang'ono kumupatsa moni.

Koma chimene chinkamuvutitsa maganizo kwambiri chinali chipinda chozizira cha kukhitchini. Mliri unafika atangogula kumene katundu wa nyengo ya Isitala ndi wa ukwati wina waukulu umene unalephereka: miyendo ya ng'ombe yolendewera pa ngowe, makatoni a nkhuku, nkhumba, soseji, nsomba. Magetsi ankangozimazima, mafuta a jenereta anali kutha, ndipo nyama ya pafupi ndi chitseko inayamba kufewa. Nkhani ya nyama siibisika, makamaka m'tauni ya njala. Masana ena atamva kugogoda, anapeza anzake akale ataima kunja kwa geti, zikwama zopanda kanthu zili m'manja, Mukatimui ali patsogolo.

"Mwachoma bwanji, ba Dabwitso?" anatero mayiyo. Nthabwala zija zinali zitamuthera, ndipo anali atawonda moti chitenje chinkachita kuzungulira kawiri m'chiuno. "Tamvela ati nyama yayamba kuonongeka mukati umo. Sitifuna yambili. Tipaseniko chabe yamene muzataya. Bana kunyumba bagona na njala."

"Lamulo muliziba, ba Mukatimui," anayankha Dabwitso ataima patali, makiyi akulira m'chiuno. "Chakudya cha balendo sichichoka pa geti."

"Balendo bati? Bali kuti balendo?"

"Korona sinafafanize lamulo. Bosi akabwela azafunsa ine, osati imwe."

Mukatimui anamuyang'ana nthawi yaitali, maso okha akuoneka pamwamba pa kansalu ka pakamwa. "Zikomo, Bosi mung'ono," anatero, nkutembenuka. Enawo anamutsatira mwakachetechete, mtunda wonse uja wobwerera kutauni wapansi.

Mkazi wa Dabwitso, Mervis, ankagulitsa tomato pamsika wa Maramba. Loweruka lililonse ankabwera ndi ufa ndi ndiwo nkumupatsira mwamuna wake m'mipata ya geti, pakuti ngakhale iyeyo sankaloledwa kulowa. Nkhani ya nyama anaimvera kumsika, ndipo anafika nayo ikadali yotentha.

"Bashi Sepo," anamuitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, "mwanichitisa nsoni. Bantu banilata chala pa maliketi. Foni muli nayo, simungamufunse chabe Bosi? Akakana, azakhala wakana ni iye."

"Nikamufunsa azaganiza ati tayamba kudya vintu vake. Makiyi azapasa wina. Manje tizadya chani, tomato zako?"

"Mwakwela pamusana pa njovu, bashi Sepo. Pansi pano mame yaliko."

Dabwitso analandira ufa wake nkubwerera mkati. Mawu a mkazi wake anamulasa, koma foni sanaimbe.

Nyama yoyamba kuwonongeka anaikwirira m'dzenje kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mpanda. Kutacha anapeza dzenje lafukulidwa. Sanali afisi, sanali agalu. M'dothi munali modula fosholo, ndi mapazi a anthu opanda nsapato, ena mwa iwo ang'onoang'ono. Munthu wina akanagwidwa chisoni poona mapazi a ana padzenje la nyama yowola. Dabwitso anagwidwa ukali. Anati mumtima, lero akumba nyama, mawa adzanyamula matiresi, mlandu nkukhala wanga. Ndiye anayamba kuganizira malo amene fosholo singafike.

Kumunsi kwa kapinga kunali doko la matabwa lolowa m'madzi, pamene alendo ankakwerera boti. Dzuwa likapendeka, Dabwitso ankadzaza wilibala ndi nyama yofewa nkuikankha kutsetsereka nayo. Wilibalayo inali ndi gudumu louma, lolira kwii, kwii, kwii, kumveka mpaka pazilumba. Akafika kumapeto kwa doko ankakhuthula, khuu, madzi nkufiira, nyama nkumira. Poyamba kunkabwera tinsomba tokha. Pambuyo pake anaona chipika chikuyandama chapatali, koma chipika chake chosapita ndi madzi. Posakhalitsa zipikazo zinachuluka, ndipo zinali ndi maso.

Munalula, bambo wachilozi amene kale ankayendetsa boti ya lojiyo, tsopano ankapha nsomba ndi bwato lobwereka kuti ana apeze chotafuna. Tsiku lina anapalasa mpaka pafupi ndi doko, nkupeza Dabwitso akukhuthula katoni yathunthu ya nkhuku.

"Ba Dabwitso, ichi chamene muchita sichili bwino," anatero, nkhafi ili pamaondo. "Kutimana mwatimana, palibe mulandu. Koma ng'ona izi muziphunzisa. Ine nakulila pa Zambezi. Ng'ona siibala pamene inadyela. Manje kuzizila, zidya pang'ono. Lekani kutenthe, muzaona."

"Chokani pa doko ya bene," anakalipa Dabwitso. "Apa sibaloleza kugwila nsomba. Mufuna chabe kutola nyama mu madzi, nakuzibani."

Munalula anapukusa mutu nkupalasa kulowera kumtunda. Kuyambira tsikulo asodzi onse anasamukira kutali, osati poopa Dabwitso, koma poopa zimene zinkagona pansi pa dokolo. Pageti napo panaleka kufika munthu wogogoda. Dabwitso anati wapeza mtendere.

Nyama inatha nyengo yozizira ili mkati. Chipinda chozizira chija anachitsuka mpaka kuwala, nkujambula, nkutumiza. Tsiku lomwelo Bosi anaimba foni, mawu ali otopa, akutsokomola. Anayamikira ukhondowo, kenaka anangonena mongodutsa, ngati nkhani yosafunika: ndikhulupirira nyama ija munagawana ndi anzako isanawonongeke, ndinaiwala kukuuza pochoka, koma iwe ndiwe munthu woganiza. Dabwitso anayang'ana kumtsinje.

"Inde, Bosi," anatero. "Tinagabana."

Foni itaduka anakhala pakhonde mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anakumbukira chitenje cha Mukatimui, anakumbukira timapazi tija padzenje. Manyazi anamudya, koma nkhaniyi sanauze munthu, ngakhale Mervis. Manyazi a munthu wouma mutu sabala kupepesa ayi, amangomuumitsa mutu kuposa kale. Anati mumtima, basi, popeza ndanama, malo ano ndiwasunge mwakuti Bosi asadzapeze ndi chofunsa chomwe.

Miyezi inapita. Mafoni a Bosi anayamba kutalikirana. Magetsi a palojipo anadulidwa, ndipo pampu yokoka madzi kumtsinje inaima. Kunja kunatentha kutentha kwa ku Livingstone, kumene phula limafewa pamsewu. Dziwe losambiramo linabiriwira nkukhala mudzi wa achule. Kapinga uja, amene Bosi ankamunyadira kuposa china chilichonse, anayamba kufiira. Dabwitso akajambula chithunzi ankachiyang'ana nkuchifufuta. Atumize bwanji kapinga wopserera? Bosi adzati munthu ndinamusiya uja akungogona. Ndiye anaganiza zotunga madzi kumtsinje ndi zigubu, kuti azithirira ngakhale mbali yokhayo yooneka pachithunzi. Wilibala palojipo inali imodzi yomwe ija.

Kudoko anali asanapiteko chithereni nyama. Anakweza zigubu, chidebe ndi chingwe, nkuyamba kutsetsereka. Kwii, kwii, kwii. Asanafike ndi pakati pa kapinga pomwe, madzi a m'mbali mwa doko anayamba kuchita makwinya popanda mphepo. Mitu inatuluka umodziumodzi, mwakachetechete, nkundanda. Pakati pake panali yaikulu, mutu wake wotambalala ngati chitseko cha kabati, mano akuonekera m'mbali ngakhale kukamwa kuli kotseka. Dabwitso anaponya chidebe ndi chingwe ali pamwamba pa doko. Ng'onazo chidebe sizinachilabadire nkomwe. Zinkangoyang'ana iye.

"Khichini yavala, mabwana," anatero Dabwitso, akuyesa kuseka. "Kulibe nyama." Mawu ake anamveka achilendo pamalopo, moti anangotseka pakamwa.

Anadziwa kuti chikuziitana ndi gudumu lija. Anaganizako zolithira mafuta, koma mafuta ophikira otsala m'sitolo anali a Bosi, ndipo botolo linali losatsegula. Mwamva inu? Munthu kuopa kutsegula botolo la mafuta, osaopa ng'ona! Tsiku ndi tsiku wilibala inkalira, tsiku ndi tsiku mitu ija inkatuluka nkudikira, ndipo tsiku ndi tsiku inkabwerera ndi njala.

Mervis atabwera anapeza mwamuna wake atawonda, maso atalowa, malaya oyera aja akumukhuthukira. Anamufotokozera za kutauni: kuti Mukatimui tsopano akuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, ana anawatumiza kwa achibale ku Senanga, kuti wophika wamkulu wa palojipo akugulitsa makala panjinga, kuti mlonda wakale anamwalira ndi mliri ndipo kumanda kunapita anthu ochepa. Dabwitso ankangomva ndi khutu limodzi, nkumacheukira kumtsinje.

"Ziniyangana," anatero chapansipansi. "Sizichita chilichonse. Ziniyangana chabe."

"Vichani?"

"Ng'ona."

Mervis anagwira zitsulo za geti ndi manja onse, nkuyamba kuchonderera. "Bashi Sepo, napapata, siyani kapinga kaume. Mvula izabwela, kazamela. Tiyeni kunyumba. Bambili baja bamene banachoka bakali moyo na njala yao. Imwe muzafela udzu?"

"Nasunga malo aya myezi yonse iyi, manje nisiye pa lasiti? Balendo bakabwela bazapeza ndani?"

Mkaziyo anabwerera akulira, ndipo sanabise kuti akulira.

Mtsinje unkaphwera sabata ndi sabata. Miyala imene inali yomira inatuluka, ndipo chidebe choponya ndi chingwe chinayamba kubwera ndi matope okhaokha. Madzi abwino anatsalira kumapeto kwa masitepe a m'mbali mwa doko, amene alendo ankatsikira polowa m'boti. Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira m'mitengo yonse, Dabwitso anatsetsereka ndi wilibala yake monga mwa masiku onse. Atafika anadabwa. Pamadzi panali see, popanda mutu ndi umodzi womwe. Anayang'ana uku ndi uku, anadikira, anaponya mwala. Zii. Mtima wake unakhala pansi koyamba m'masabata ambiri. Zatopa, anatero, zapita kwina. Munalula akanakhalapo akanamuuza kuti ng'ona yooneka ndiyo yabwino, koma Dabwitso anali atamuthamangitsa kale.

Anatsika masitepe. Ndi dzanja lamanzere anagwira chitsulo chomangirapo boti, lamanja nkutambasula ndi chidebe. Nyenje zija zinaleka kulira nthawi imodzi. M'madzimo anaona nkhope yake, yowonda, yandevu, ndipo pansi pa nkhope yakeyo panali maso ena.

Madzi anaphulika. Chidebe chinauluka, ndipo mkono wake wamanja unalowa m'kamwa mwa chilombo mpaka pachigongono. Ululu sanaumve poyamba, anangomva kukoka, kukoka kwake ngati kwa galimoto. Anakolowekera chitsulo chija ndi mkono wamanzere ndi miyendo yonse, nkukuwa. Ng'ona inagubuduka, inagubudukanso, china chake chinati thyo, ndipo kukoka kunaleka. Dabwitso anakwawa masitepe chagada, akukuwabe. "Nithandizeni! Bantu imwe, nithandizeni!" Pazilumba panabwerera mawu ake omwe. Pamtsinje ponse panalibe bwato.

Mmene anakwerera kapinga uja, ngakhale mwini wake sakumbukira. Anadutsa m'chipinda chodyera, nkukoka nsalu yoyera patebulo, mafoloko ndi matambula nkuphwanyikira pansi, nkukulunga nayo chotsala cha mkonowo. Anafika pageti akuona zinthu ziwiriziwiri. Kiyi analowetsa m'loko ndi dzanja lamanzere, koma kiyiyo osatembenuka popanda wokoka tcheni. Anayesa ndi mano, anayesa ndi bondo, tcheni osasuntha. Anakhala pansi atatsamira geti, nsalu ija itafiira yonse, akuyang'ana msewu wafumbi kudzera m'mipata. Kale pamsewu umenewu pankabwera anthu kudzamupempha. Tsopano panalibe ndi galu yemwe. Apo ndiye anachita mantha enieni, mantha ofera yekha kuseri kwa loko wokhoma yekha.

Chimene chinamupulumutsa nchakuti linali Loweruka. Mervis anatulukira pakona ndi beseni pamutu, ndipo ataona chimene chinali pageti, beseni linagwa, ufa nkumwazika.

"Mayo ine! Mayo, bashi Sepo!"

"Koka cheni," ananong'ona Dabwitso. "Koka chabe."

Mkaziyo analowetsa mikono m'mipata nkukoka tcheni ndi mphamvu zake zonse, mwamuna nkupotokola kiyi, loko nkutseguka. Galimoto pamsewupo panalibe. Mervis anathamanga ndi kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, akukuwa, mpaka kumene asodzi ankasokera maukonde. Amene anabwera ndi njinga anali Munalula. Anagwada, nkumanga mkonowo mwamphamvu ndi chingwe cha ukonde, nkumukweza Dabwitso pakaliyala. Zoti ndinakuuzani sananene. Anangoti kwa Mervis, "Gwilani mutu wao, mulamu, bangagwe," nkuyamba kukankha njinga kulowera kumsewu wa phula.

Kuchipatala kunali kodzaza ndi odwala mliri, ndipo achibale sankaloledwa kulowa. Mkonowo anaudula pamwamba pa chigongono. Dabwitso anagona masabata ambiri pakati pa anthu otsokomola, akumva zala zimene kulibe zikuyabwa. Bosi anatumiza uthenga wachisoni, wautali ndithu. Pambuyo pake kunamveka kuti bizinesi yamugwera ndipo loji waigulitsa kwa anthu ena. Makiyi aja anabwera kudzawatenga ndi munthu amene Dabwitso sanamuonepo.

Mliri utazilala, malire anatsegulidwa, ndege zinayambanso kutera. Eni ake atsopano anaitana antchito akale. Mukatimui anasiya miyala nkubwerera kochapa, Munalula anabwerera paboti, wophika anaimika njinga ya makala. Dabwitso foni yake sinalire. Anadikira, anadikira, kenaka anauza Mervis kuti amusitire malaya oyera. Mkono wa malaya wopanda kanthuwo anaupinda nkuumanga ndi pini.

Anafika dzuwa litapendeka. Kapinga anali wobiriwira, pakuti mvula inali itagwa ndipo anamera yekha. Woyang'anira watsopano anali mayi wachitsikana, dzina lake Twaambo. Anamulandira mwaulemu, nkumupatsa mpando m'chipinda chodyera chomwe chija, mmene tsopano munali phokoso la mbale ndi kuseka kwa alendo.

"Ba Dabwitso, mbili yanu namvela," anatero Twaambo. "Bonse bakamba ati pa thileyi kunalibe wina monga imwe. Koma muziba mweka nchito iyi. Kwanja imozi thileyi, inangu botolo. Muzachita bwanji?"

"Ningayanganile chabe banyamata. Ningaimilile na pa geti."

Mayiyo anayang'ana pansi. "Bamene muzayanganila ni bamene baja munavalila geti. Nabafunsa. Sibanakambe voipa, koma kulibe anayankha." Anaimirira. "Pakapezeka malo tizakuitanani."

Mawu amenewo Dabwitso ankawadziwa. Anathokoza, nkutuluka. Mtima unamuwawa kwambiri, kuposa mmene unawawira mkono, chifukwa ntchito imene anamanira anzake nyama, imene ananamira, imene anatayira dzanja, inali ikuyenda bwinobwino popanda iye.

Ali pakhonde anamva alendo akufuula mokondwa kumtsinje. Dokolo tsopano linali ndi mpanda wachitsulo, ndipo alendo anali atatsamira pamenepo, mafoni ali m'mwamba. Mlonda watsopano, munthu wochezeka amene sankamudziwa, anamuyandikira.

"Mudala, mwabwela kuona ng'ona za Dabwitso? Yanganani, ni izo. Zibwela nthawi ino, kulibe amene azipasa chakudya, koma zibwela chabe."

"Za ndani?" anafunsa Dabwitso.

"Za Dabwitso. Ine sinimuziba. Bakamba ati nthawi ya korona anali kuzidyesa nyama, banzake bali na njala. Manje ati zilindila mwine wake."

Dabwitso anayamba kuyenda ndi kanjira ka m'mphepete mwa kapinga kulowera kugeti, mkono wa malaya ukupepeluka. Atacheuka, anaona yaikulu ija yachoka pagulu. Inasiya alendo ndi mafoni awo, nkumasambira pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe, mutu wokha uli pamwamba, molingana ndi pamene iye anali. Anafulumiza, nayo inafulumira. Anaima, nayo inaima, maso ali pa iye. Alendo anaomba m'manja, poyesa ndi masewera.

Kuyambira tsiku limenelo Dabwitso sanayandikirenso mtsinje wa Zambezi. Amakhala pamsika wa Maramba pambali pa mkazi wake, kuunjika tomato ndi dzanja lamanzere, ndipo wilibala ya gudumu louma ikamadutsa, amatuluka thukuta. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.